Mapu a Malawi a pabwalo la sukulu yathu: momwe ntchito ikuyendera

Sabata yoyamba, Lachiwiri

Ahedi avomera. Atipatsa kamalo kali kuseri kwa buloko ya fomu 3, pafupi ndi mtengo wa mango, mamita 10 mulitali ndi mamita 4 mulifupi. Ati bola tisatseke kanjira ka ku mjigo. Tikufuna kuumbapo dziko la Malawi ndi dothi, n'kumata simenti pamwamba, akhale mapu oti mwana atha kuwazungulira, kuloza ndi ndodo, ngakhale kuthirapo madzi.

Maganizowa anandibwerera teremu yatha m'kalasi ya jogalafe. Ndinafunsa chifukwa chimene Shire amayenderera kummwera. Mnyamata wina, wanzeru zake ndithu, anaimika dzanja: "Sala, poti kummwera ndi kumunsi." Anzake onse anavomereza. Sindikanamudzudzula. Chiyambire ku pulayimale mapu amawaona atapachikidwa pakhoma, Chitipa ali kudenga, Nsanje ali chakupansi, ndiye kwa iye madzi amangotsetsereka pepalalo. Nditamufunsa za South Rukuru, amene amayenda cholowera kumpoto m'boma la Mzimba asanakhotere kunyanja kudzera ku Rumphi, anangoti kukamwa yasa.

Lero tagwirizana za sikelo. Sentimita imodzi pansi iziimira kilomita imodzi. Dziko lathu ndi lotalika pafupifupi makilomita 900, ndiye likwana. Vuto ndi msinkhu wa mapiri. Pa sikelo yomweyi nsonga ya Sapitwa, ya mamita 3,002, ingangokhala masentimita atatu, nkhuku n'kuipalasa osadziwa kuti yagwetsa phiri la Mulanje. Choncho msinkhu tiukokomeza kakhumi: mamita 100 aliwonse akhale sentimita imodzi. Sapitwa afika masentimita 30. Ndawauziratu ana kuti apa tikunama dala, ndipo bodzali tidzalilemba pachikwangwani.

Sabata yomweyo, Lachinayi

Kupeza kumpoto kwenikweni. Tinakhoma ndodo yowongoka, cha m'ma 9 koloko tinaika mwala pansonga ya mthunzi, n'kujambula bwalo ndi chingwe kuzungulira ndodoyo. Masana tinadikira mthunzi ukhudzenso bwalolo. Mzere wolumikiza miyala iwiriyo ndiye kummawa ndi kumadzulo. Kampasi ya mufoni inavomereza.

Koma malo amene tinapatsidwa agona chopingasa. Mapu akaloza kumpoto kwenikweni, Karonga akugwera pakanjira ka ku mjigo komwe kaja. Ndinapitanso ku ofesi. Ahedi anaseka nati, "Aphunzitsi, anthu azilambalala Karonga, palibe kanthu."

Sabata yachiwiri

Sabata yonse yathera pa zikhomo ndi zingwe. Tagawa malowo m'timabokosi ta masentimita 50, tagawanso chimodzimodzi mapu a m'buku, ndipo gulu lililonse likukopera malire a bokosi lake ndi laimu. Kumpoto sikunavute, mtsinje wa Songwe ukutsogolera. Chigawo cha kummwera ndiye chinatithera nthawi, chifukwa dziko limapyapyala kwambiri polowa ku Nsanje, Mozambique atalizinga mbali zonse, ndipo gulu lina linanenepetsa mchirawo kuti uoneke bwino. Tinafufuta.

Malire a kuno kwathu ku Ntcheu anadzetsa phokoso. Ana amawadziwa ndi mapazi. Pa Lizulu msewu wa M1 ndiwo malire: ukaima mbali ino uli ku Malawi, ukaoloka kukagula kachewere kapena kabichi uli ku Mozambique, ndipo wokugulitsayo akulankhula chilankhulo chako chomwe, mwina ndi msuweni wako. Mtsikana wina anafunsa, "Nanga sala, mzerewu tiujambule ndi chiyani, popeza pamalopo palibe mzere?" Funso limeneli ndinalilemba pabolodi ndipo lakhalapo sabata yonse. Malirewa anagwirizana ndi Angerezi ndi Apwitikizi mu 1891, anthu ali kale pamalopo. Angoni a kwa Gomani ali mbali zonse ziwiri, Ntcheu ndi Angonia. Achewa nawo ali m'maiko atatu, ndipo mwezi wa Ogasiti amakakumana ku Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, kwa Kalonga Gawa Undi. Tagwirizana kuti chilichonse chimene anajambula munthu, malire a dziko, a zigawo, a maboma, chikhale cha penti woyera wodukizadukiza. Chimene chinalipo kale, mtsinje, phiri, gombe la nyanja, chikhale choumba.

Buku la mapu limene tikukoperamo ndi lakale. Lili ndi maboma 24. Mulibe Balaka, Phalombe, Likoma ndi Neno, amene anachita kudulidwa ku Machinga, Mulanje, Nkhata Bay ndi Mwanza. Poyamba ndinakhumudwa, kenako ndinaona kuti bukuli landiphunzitsira lokha. Ana aona ndi maso kuti boma limabadwa. Lero alipo 28: asanu ndi limodzi kumpoto, asanu ndi anayi pakati, 13 kummwera.

Nanga chigawo cha kummawa, chimene amachimva pawailesi nthawi ya misonkhano ya ndale? Pamapu a boma palibe, koma zipani ndi apolisi ali nacho. A zamaphunziro anagawa dziko lomweli pasanu ndi kamodzi, ife tili ku Central West pamodzi ndi Dedza, Lilongwe ndi Mchinji. A zaulimi analigawa pasanu ndi patatu, ma ADD aja. Aliyense amadula molingana ndi ntchito yake. Ife tijambula zitatu zokha, apo ayi mapu adzaoneka ngati ukonde.

Sabata yachitatu

Dothi. Mawilibala sindikuwerenganso. Tikusakaniza dothi la pachulu ndi mchenga pang'ono kuti lisang'ambike, n'kumasinja ndi chipika. Pamalo ofunika takhoma timitengo todula pa msinkhu wake kuti oumba asapitirire: Nyika masentimita 26, phiri la Zomba 20, chidikha cha Lilongwe ndi Kasungu 11, nyanja osakwana asanu, Nsanje osakwana ngakhale imodzi, popeza pamene Shire amatulukira m'dziko muno ndi mamita 37 okha pamwamba pa nyanja yamchere.

Chimene chinawazunguza ana ndi dzenje la nyanja. Madzi a nyanja ya Malawi ali pa mamita 474 kapena kuposerapo pang'ono, koma chakumpoto kuya kwake kumafika mamita 700. Ndiye kuti pansi pake patsika kuposa nyanja ya Indian. Anabwereza samuyo kawiri, osakhulupirira, kenako anakumba. Tsopano chigwa chachikulu chija chikuoneka bwino, chochokera ku Karonga, kudzera m'nyanja, kutsata Shire mpaka ku Nsanje, ndipo mbali yake kuli phompho. Amene anakwerapo basi kapena lole yotsika Khwekhwelere kupita ku Golomoti anazindikira msanga. Wina anati makutu ake anatseka pamenepo. Amene sanatulukepo m'boma lino ndi ambiri kuposa mmene ndinkaganizira.

Lachisanu m'mawa tinapeza mbuzi zagona pa Viphya. Taumbanso. Tazinga ndi minga.

Sabata yachinayi

Ntchito yaima. Komiti ya makolo inatipatsa ndalama ya matumba anayi a simenti, koma pofika kusitolo mtengo unali utakwera, tinabwera ndi atatu. Limodzi mwa atatuwo titalitsegula linali ndi mibulu youma ngati miyala, ndipo wogulitsa wakana kusintha, ati tinalinyowetsa tokha. Mvula sinagwe chiyambire Epulo. Ndangozisiya.

Mmisiri wina wa m'mudzi, kholo la mwana wathu, anabwera kudzaona. Anayenda mozungulira, anagogoda Dedza ndi chala, nati tikamata simenti mwachindunji padothi adzasweka chaka chisanathe. Watiuza kuti tiyale kaye waya wa khola la nkhuku, pulasitala akhale woonda, ndipo tizithirira m'mawa ndi madzulo masiku asanu ndi awiri. Wadzipereka kudzamata yekha malo otsetsereka Loweruka, osalipiritsa. Waya tapempha kwa aphunzitsi a zaulimi.

Sabata yachisanu, Lachitatu

Lero ndi tsiku limene ndinkadikira. Simenti wauma, ndiye tinatenga makheni awiri a kudimba la sukulu kukagwetsa mvula.

Tinayamba pa Mchinji. Madzi anatsata kamkwasa ka Bua, kudutsa chidikha, kugwera ku Nkhotakota, n'kulowa m'nyanja. Ana anakuwa ngati chigoli. Tinathira pa Dzalanyama, anatsata Lilongwe, kukumana ndi Linthipe, kukathira ku Salima. Tinathira kummwera kwa Mzimba ndipo ndinamuitana mnyamata uja kuti aime pafupi. Madzi anayenda cholowera kumpoto, iye akuyang'ana. Sanalankhule kanthu. Anangotenga kheni m'manja mwa mnzake n'kuthiranso yekha.

Kenako zolakwa zathu zinayamba kuonekera. Nyanja itadzaza, madzi anakana kutuluka pa Mangochi. Anasefukira chakumadzulo n'kumiza Salima yense. Tinali titakweza khomo la Shire ndi kachidutswa kochepa chabe, mwina theka la sentimita. Ana anaseka, koma ndinawauza kuti zoterezi zinachitikapo. Kuyambira cha m'ma 1915 mpaka m'zaka za m'ma 1930 nyanja inatsika, mchenga unatseka pakhomopo, ndipo Shire analeka kutulutsa madzi a m'nyanja. Kuchoka ku Mangochi, kudutsa nyanja ya Malombe mpaka ku Liwonde, mtsinjewu umayenda pamalo athyathyathya, kusiyana kwake n'kochepa zedi. N'chifukwa chake mu 1965 anamanga baraji pa Liwonde kuti azitha kusunga ndi kutulutsa madzi mwa muyezo. Tinapala pakhomopo ndi tchizulo mpaka madzi anadutsa.

Atangodutsa Matope anathamanga. Pamapu pathu ndi mtunda wa masentimita 80 okha, koma amatsika pafupifupi masentimita anayi, ndiye kuti mamita opitirira 350 pa mtsinje weniweni. Ndinafunsa: mukanakhala inu, makina a magetsi mukanaika pati? Onse analoza pomwepo. Nkula, Tedzani, Kapichira, onse ali pakachigawo kameneka, ndipo Nkula woyamba anayamba kugwira ntchito mu 1966. Mtsikana amene amakhala kutsogolo nthawi zonse anaona chimene ndinkafuna aone ndisananene. "Ndiye kuti magetsi onse ali pa mtsinje umodzi?" Pafupifupi onse a madzi, inde, kupatula aang'ono ngati a pa Wovwe ku Karonga. Anakumbukira okha kuzimazima kwa 2022, namondwe wa Ana atawononga Kapichira mu Januwale n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130. Chigayo cha pamsika pathu chinkagaya usiku wokha.

Cholakwa chachiwiri chinali cha gulu la Zomba. Anaona kuti nyanja ya Chilwa ilibe potulukira, anaganiza kuti buku laiwala, ndiye mwaulemu wawo anaikumbira kangalande kopita ku Shire. Tinatseka ndi simenti wotsala. Chilwa amalandira Likangala, Domasi, Phalombe ndi mitsinje ina, koma satulutsa. Madzi ake amachoka ndi dzuwa, n'chifukwa chake ndi amchere pang'ono, ndipo mvula ikavuta zaka zotsatizana amaphwa, monga mu 1968 ndi 1995. Tinathiramo kapu imodzi nthawi ya 10 koloko. Poweruka munali mutauma, mutatsala kamzere koyera m'mbali. Matemba akadakhalamo bwenzi tikulira.

Chomaliza tinathira kheni yonse nthawi imodzi pa Mulanje ndi Thyolo. Madzi anatsika ndi Ruo, anakakumana ndi Shire pa Chiromo, ndipo chigwa chonse cha kumunsi chinasanduka thamanda. Apa panalibe woseka. Namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023 aliyense akumukumbukira.

Sabata yachisanu ndi chimodzi

Kuika anthu. Ndinkayesa kuti iyi ikhala ntchito ya tsiku limodzi, yatenga masiku anayi.

Tatolera zitsekerero za mabotolo kumagolosale a pamsika. Chimodzi chikuimira anthu 50,000. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 17,563,749, ndiye zitsekerero 351: kummwera 155, pakati 150, kumpoto 46. Ndisanawapatse ziwerengero za maboma, ndinawauza aziike mmene akuganizira. Anaunjika mulu waukulu pa Lilongwe, wina pa Blantyre, wina pa Mzuzu, zotsalazo anamwaza mofanana ngati akufesa mawere. M'maganizo mwawo Amalawi ambiri ali m'tauni.

Titatsegula ziwerengero, mzinda wa Lilongwe unalandira 20, Blantyre 16, Mzuzu zinayi, Zomba ziwiri. Zonse pamodzi 42 mwa 351. Kalembera yemweyo akuti anthu 84 mwa 100 aliwonse amakhala kumudzi. Zitsekerero zambirimbiri zinachoka m'mizinda kupita kuchidikha cha Lilongwe, Dowa, Kasungu, Mchinji ndi Dedza, kwa alimi a chimanga, fodya, mtedza ndi soya, ndipo zina zinathithikana pa Thyolo, Mulanje, Chiradzulu, Phalombe ndi Zomba mpaka simenti osaoneka. Mangochi yekha anatenga zoposa 20.

Apa ndi pamene mawu oti kuchuluka ndi kuthithikana anasiyana m'mitu mwawo. Likoma ali ndi anthu osakwana 15,000, sakwanitsa ngakhale chitsekerero chimodzi, tinachita kudula kachidutswa ndi sizasi. Koma pa kilomita imodzi mbali zonse zinayi, Likoma ndiye boma lothithikana kuposa onse, anthu opitirira 700, pamene Rumphi ali ndi pafupifupi 50. Dziko lonse ndi 186. Chilumbacho, ndi chinzake cha Chizumulu, chili m'madzi a Mozambique, ndipo kuzungulira ziwirizi tajambula timabwalo toyera.

Nditawafunsa chifukwa chimene anthu anaunjikana kumapiri a kummwera, anayankha za m'buku: mvula yabwino, nthaka yachonde, nyengo yozizirira. N'zoona, koma sizikwanira, chifukwa Nkhata Bay mvula imagwa yochuluka ndipo zitsekerero n'zochepa. Pamafunika mbiri. Mishoni ya Blantyre ya 1876, minda ya azungu ya khofi kenako tiyi, thangata, Alhomwe ambiri amene analowa kuchokera ku Mozambique kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 n'kukhazikika m'mindamo, njanji, likulu la boma ku Zomba. Likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975, chigawo cha pakati chinayamba kukoka anthu, ndipo lero zigawo ziwirizi zangosiyana ndi zitsekerero zisanu.

Malo opanda kanthu nawo anafunsidwa. Nyika, Vwaza, nkhalango za Kasungu ndi Nkhotakota, Liwonde, Majete, Lengwe. Mwana wina anati kumeneko anthu sakukufuna. Ayi. Malo ena mwa amenewa anthu analiko ndipo anachita kusamutsidwa, monga ku Nyika pamene ankakuza malo osungirako nyama mu 1978. Mzere wa nkhalango nawo ndi wa penti woyera.

Lachinayi tinachotsa zonse n'kuikapo 81 zokha, anthu a pa kalembera wa 1966, amene anali 4 miliyoni ndi pang'ono. Mapu anaoneka apululu. Kenako tinawonjezera pang'onopang'ono: 1977, 1987, 1998, 2008, mpaka 351. Malo ndi omwewo, masikweya kilomita 118,484, ndipo gawo limodzi mwa magawo asanu ndi madzi. Sindinafotokoze zambiri. Aliyense wa iwo amadziwa kukula kwa munda wa agogo ake ndi kachigawo kamene amayi ake analandira.

Alonda athu, bambo achikulire amene amayamba ntchito ana akuweruka, akhala akuonerera masiku onsewa. Tsiku limenelo anayandikira nati, "Aphunzitsi, nanga amene ali ku Joni mwawaika pati?" Iwo anapita ku Theba ali mnyamata, anagwira m'migodi ya ku South Africa, anabwerako ndi wailesi ndi njinga. Anawauza ana za ndege imene inagwa ku Francistown mu 1974 itanyamula Amalawi ochokera ku migodi, Kamuzu n'kuletsa ulendowo kwa zaka zingapo. Anawauzanso za matchona a ku Zimbabwe amene sanabwerere. Ana anamvetsera kuposa mmene amandimvetserera ine. Nditafunsa amene ali ndi m'bale ku South Africa lero, manja anakwera pafupifupi theka la kalasi. Funso la alondawo lilibe yankho pamapu athu, popeza kalembera amawerenga amene wawapeza. Taika zitsekerero zingapo kunja kwa malire, chakummwera, pafupi ndi minga ya mbuzi ija, popanda nambala. Wina anakumbutsa kuti olowa aliponso, ndipo taika chizindikiro pa Dzaleka ku Dowa, pamene pakhala othawa kwawo kuyambira 1994.

Sabata yachisanu ndi chiwiri

Chuma cha dziko. Lamulo lathu ndi loti pamene tingathe tiike chinthu chenicheni, chomatidwa pa kathabwa. Masamba a tiyi pa Thyolo, Mulanje ndi Nkhata Bay. Kachidutswa ka nzimbe pa Nchalo, Dwangwa ndi Salima. Mpunga wa kilombero pa Karonga, khofi ku Misuku, thonje ku Chikwawa ndi Balaka, fodya pa Kasungu, kachewere pa Tsangano ndi Dedza. Pa Vizara taika kachidutswa ka chubu cha njinga kuimira mitengo ya labala. Usipa wouma tinauika m'mbali mwa nyanja Lolemba, Lachiwiri tinapeza mphaka wachita zake. Tsopano ndi wojambula.

Za m'nthaka ndi zimene zinautsa mkangano weniweni. Ana amamva pawailesi kuti dziko lathu lili ndi miyala ya mtengo wapatali, ndiye anafuna aike zonse ndi penti wagolide. Malasha a ku Mchenga ku Rumphi. Yureniyamu wa ku Kayelekera ku Karonga. Miyala ya ku Kangankunde ku Balaka, ya ku Songwe Hill ku Phalombe, ya ku Kanyika ku Mzimba, ya ku Kasiya ku Lilongwe. Miyala yofiira ya pa Chimwadzulu kuno kwathu. Mnyamata wina atamaliza kuwerenga mndandandawo anafunsa mokwiya ndithu, "Ndiye ife tikusaukiranji?"

Sindinafune kumuyankha ndi mawu a pamsonkhano. Ndinamutengera pa Mulanje. Pamwamba pa phirili pali dothi lopangira aluminiyamu limene linadziwika kalekale m'nthawi ya atsamunda, koma mpaka lero silinakumbidwe. Kuliyenga kumafuna magetsi ochuluka zedi, ndipo magetsi athu wawaona pamene ali. Kulitsitsa paphiri n'kulifikitsa kudoko la Nacala kapena Beira ndi ndalama zina. Komanso mitsinje imene anthu a ku Mulanje ndi Phalombe amamwa imachokera pomwepo, ndipo eni dera anakana kangapo. Kenako Kayelekera: mgodi unatsegulidwa mu 2009, unaima mu 2014 mtengo wa yureniyamu utagwa pamsika wa kunja, unayambiranso mu 2025. Mwala sunasunthe zaka zonsezo. Chinkasintha ndi mtengo, kutali ndi Karonga.

Tagwirizana mitundu iwiri. Kadontho kodzaza pamene pakukumbidwa, kabwalo kopanda kanthu m'kati pamene chinthu chilipo koma sichinayambe kutuluka. Timabwalo topanda kanthu tachuluka. Mnyamata uja sanakhutire, ndipo sindikumunena. Funso la amene amadya phindu mgodi ukatsegulidwa ndalisungira tsiku lake.

Ine chimene chikundivuta ndi mawu a m'silabasi oti chuma china chimabwerera, china sichibwerera. Ana amaloweza: mitengo, nsomba, madzi ndi nthaka zimabwerera, miyala sibwerera. Pamayeso akhoza. Koma mkungudza wa pa Mulanje, mtengo wa fuko lathu, watsala pang'ono kutheratu m'phirimo. Chambo cha m'nyanja ya Malombe chinachepa mpaka asodzi anatembenukira ku kambuzi. Chikangawa, nkhalango yobzala ya mahekitala 53,000, mbali yaikulu inasanduka zitsa ndi mapsa. Ndipo sitifunika kupita kutali: damu la Mpira, lomwe limamwetsa Ntcheu ndi Balaka, linaphwa mu 2018, mipopi inauma, ndipo ana ena m'kalasi muno ankadzuka usiku kukadikira pachitsime ndi amayi awo. Zobwererazo ndi zimene zikutha msanga. Ndinawauzanso za chilumba cha Mbenje ku Salima, kumene mfumu Makanjira ndi anthu ake amatseka usodzi miyezi ya dzinja chaka chilichonse, mwambo umene unayamba m'zaka za m'ma 1950, ndipo nsomba kumeneko zimapezekabe. Pa Mbenje taikapo kambendera.

Makala tinakangana nawo nthawi yaitali. Gulu lina linati asaikidwe chifukwa ambiri amaotchedwa mozemba lamulo. Mtsikana wina, amene salankhulalankhula, anati fizi yake imachokera m'matumba omwewo amene amaima m'mbali mwa msewu, ndipo aphunzitsi onse pasukulu pano amaphikira makala. Zoona zake, ndi ine ndemwe. Tawaika, ndi mivi yosonyeza kumene amapita: kuchoka ku Neno ndi Mwanza kulowa Blantyre, kuchoka ku Dzalanyama kulowa Lilongwe. Muvi wachiwiriwu ukuyenda pambali penipeni pa mtsinje wa Lilongwe, umene mzindawo umamwa. Ana anaona okha.

Sabata yachisanu ndi chitatu, Lolemba

Chizimalupsa chagwa Loweruka usiku, champhamvu. Ndinafika m'mamawa mtima uli m'mwamba. Simenti wapirira, kupatula mng'alu umodzi pakati pa Ntchisi ndi Nkhotakota pamene waya anatithera. Nyanja inadzaza yokha ndipo inatulukira pa Mangochi mmene iyenera. Chilwa anasunga ake. Zitsekerero zimene tinali tisanamate zinakokoloka, ndipo tinakazitola zambiri ku Nsanje, zina kunja kwa malire.

Zatsala izi. Kumata mng'alu uja. Kukhomerera zitsekerero mu simenti wosanganiza ndi guluu, koma za m'mizinda zokha tizisiya zosamata chifukwa kalembera wina akubwera. Misewu ndi njanji sitinayambe: M1 kuchoka ku Songwe mpaka ku Marka, msewu wa m'mbali mwa nyanja, njanji ya ku Nacala yodzera pa Nkaya, Liwonde ndi Nayuchi, ndi madoko a Ilala. Penti wofiira wa misewu palibe, tikudikira komiti. Chikwangwani cha sikelo, chokhala ndi chiganizo chija chovomera kuti mapiri tawakokomeza kakhumi, mwana wa fomu 4 wolemba bwino walonjeza kuti atha Lachisanu.

A ku pulayimale yoyandikana nafe apempha kubwera ndi sitandade 7 sabata yamawa. Ndawauza ana anga kuti ine sindidzalankhula, adzafotokoza okha, gulu lililonse chigawo chake. Mnyamata wa South Rukuru uja wapempha kuti kheni idzakhale m'manja mwake. Mpanda wa minga uyenera kusinthidwa ndi wa nsungwi alendowo asanafike, ndipo alonda ati adziwa kumene tingadule.